A Wadzerakuti ndi Mayi a M'galasi

A Wadzerakuti sankalandira yankho lopanda njira. Limenelo ndilo linali vuto lawo, ndipo ndi limene anthu akuwakumbukira nalo. Mwana akawauza kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, iwo sankati wakhoza. Ankatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno, n'kumufunsa kuti, "Wadzera kuti?" Anafunsa funso limeneli zaka 38 pa sukulu imodzimodziyo, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala m'mafayilo a mu ofesi. Ngakhale akazi awo powaitana kuti adzadye ankati, "A Wadzerakuti, zikupola izi."

Kuchonga kwawo kunali kwakekwake. Yankho loona lopanda njira, ziro. Yankho lolakwa koma njira yooneka bwino, 9 pa 10. Bambo wina anabwera pa sukulu atakwiya, kope la mwana wake lili m'manja.

"Aphunzitsi, wanga wakhoza mwamupatsa ziro. Wa aneba walakwa mwamupatsa naini. Chilungamo chake n'chiti?"

"Wanuyo ndangomupeza pakhomo," anatero a Wadzerakuti. "Sindikudziwa ngati wayenda yekha kapena wanyamulidwa. Wa anebawo wagwa pafupi ndi khomo, koma mapazi ake ndawaona kuchokera kwawo."

Bambo uja anapita akung'ung'udza. Chaka chotsatira anabweretsanso mwana wake wachiwiri.

Akanakhala kuti funsolo ankalisiya m'kalasi, bwenzi zili bwino. Koma ankayenda nalo m'thumba ngati mpango. Namwino wa ku chipatala atawayeza kuthamanga kwa magazi anati, "Bambo, kwakwera. Kuli pa 170."

"Mwadzera kuti?"

"Makinawa ndiwo anena."

"Nanga makinawo adzera kuti?"

"Bambo, kumbuyo kwanuko kuli mzere wa anthu makumi anayi."

"Ndiye onsewo muwauza manambala opanda njira?"

Namwino anawalembera mankhwala, n'kulembanso pamwamba pa khadi lawo kuti munthu ameneyu aziwonedwa pomaliza.

Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya wakuba. Tsiku lina masana anabwerera kunyumba kukatenga magalasi amene anawaiwala, n'kupeza munthu wamkulu bwinobwino ali pabalaza, wailesi ili kukhwapa. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wadzera kuti?"

Wakubayo, mwina poti anadutsapo m'manja mwawo ali mwana, anaima njo. "Pawindo, sala."

"Njira yolakwika. Sindingakuchongere. Bweza wailesi pomwe inali, utuluke, uyambirenso."

Munthu uja anabweza wailesi, anatulukira pawindo pomwepo, n'kuzungulira kukagogoda pachitseko. Ena amati sanagogode, anathawa. Akazi awo a Wadzerakuti amati anagogoda, ndipo anamwa tiyi makapu awiri.

Kenako kunabwera matabuleti.

Anabwera 25, m'mabokosi awiri achitsulo, pamodzi ndi mphunzitsi wachitsikana amene anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake masiku atatu. Iyi inali sukulu yake yoyamba. Ana anamutcha Madamu Chaja, chifukwa kulikonse kumene ankapita m'chikwama mwake munkalendewera zingwe. Anali wakhama, wosakonda mikangano, ndipo ntchito yake inali isanatsimikizidwe. Anali m'chaka choyesedwa, chaka chimene munthu amapereka moni ngakhale kwa tsache la ahedi.

Kagwiridwe ka matabuletiwo kanali kosavuta. Pagalasi pankabwera funso la masamu, pansi pake mayankho anayi. Mwana akadina loona, mawu a mzimayi ankati, "Wakhoza!" ndipo pagalasi pankayaka kobiriwira. Akadina labodza, mawuwo ankati, "Yesanso." Zonse zimene ana ankachita zinkapita mu laputopu ya Madamu Chaja n'kusanduka mizere yamitundu, kalasi iliyonse ndi mzere wake. Miyezi itatu ikatha, lipoti linkapita ku ofesi ya maphunziro.

Tsiku loyamba a Wadzerakuti anaima kumbuyo kwa kalasi yawo, ya ana a chaka chachisanu ndi chiwiri, manja ali kumbuyo. Mwana wina anadina. Mawu aja anati, "Wakhoza!"

"Walankhula ndani?"

"Ndi pulogalamu, aphunzitsi," anatero Madamu Chaja.

"Ndamva mawu a mayi."

Anayenda mpaka pa desikipo, n'kuwerama mwaulemu. "Mayi, takulandirani pa sukulu pano. Koma mwanayu mwamuuza kuti wakhoza. Mwamufunsa kumene wadzera?"

Tabuleti inangokhala chete.

"Ndimadziwa," anatero a Wadzerakuti. "Aphunzitsi a masiku ano."

Kuyambira tsiku limenelo sukulu yonse inkati Mayi a m'galasi. A Wadzerakuti sankawada. Ankawatenga ngati mnzawo wa ntchito amene ali ndi mawu okoma koma maphunziro ake anaperewera. Loweruka lina anapempha tabuleti imodzi kuti akacheze nawo kunyumba. Akazi awo akuchapa panja anangomva m'nyumba mawu a mzimayi akuti, "Yesanso. Yesanso. Yesanso." Analowa thovu lili m'manja.

"Ndani ameneyo akuuza amuna anga kuti ayesenso, m'nyumba mwanga momwe?"

"Ndi anzanga a kuntchito. Ndikuwayesa ndine. Ndalakwitsa dala kasanu, koma sanandifunse ngakhale kamodzi kuti chikundivuta n'chiyani."

"Auzeni kuti ine ndayesa zaka makumi anayi," anatero mayiwo, "sizinatheke."

Lolemba lake a Wadzerakuti anaika lamulo m'kalasi mwawo. "Kope patsogolo, galasi pambuyo. Funso likopedwe, njira ilembedwe mzere ndi mzere, kenako chala. Amene adine asanalembe, chala chimenecho ndichisunga mu ofesi mpaka teremu ithe."

Ndipo zinkachitikadi choncho. Pa nthawi ya matabuleti, m'kalasi mwawo munkangomveka mapensulo. Iwo ankayenda pakati pa madesiki ndi cholembera chofiira, maso ali m'makope. Pagalasi sankayang'anapo, ankati pamawawitsa maso. Madamu Chaja ankangogawa matabuleti, ana awiri imodzi, n'kuthamangira kukalimbana ndi netiweki.

Kalasi inzake ya chaka chomwecho ankaphunzitsa a Kochi, mphunzitsi wa zamasewera amene anapatsidwanso masamu poti panalibe wina. Kumeneko kunalibe za makope. Zala zinkajompha pagalasi ngati nkhuku zanjala, ndipo "Wakhoza!" ankamveka mpaka ku mpanda.

Miyezi itatu itatha, Madamu Chaja anatsegula lipoti. Mzere wa a Kochi unali wobiriwira, wautali. Wa a Wadzerakuti unali wofiira, waufupi ngati chala chaching'ono. Poyamba sanakhulupirire. Kenako anadziuza kuti makina alibe chidani ndi munthu, ndipo anthu amakalamba. Anasaina, n'kutumiza.

Patapita milungu iwiri kunabwera bwana woyendera sukulu, munthu wa tayi ndi wotchi yaikulu. Anawaitanira mu ofesi ya ahedi, a Wadzerakuti ndi Madamu Chaja, n'kutembenuza laputopu kuti onse aone.

"Aphunzitsi, kalasi yanu yatsika. Ana anu akukhoza mafunso awiri pa khumi alionse."

A Wadzerakuti anatsitsa magalasi. "Mwadzera kuti?"

"Msewu wa kumunsi. Wa kumtundawu akuukonza."

Ahedi anatsokomola. Madamu Chaja anayang'ana nsapato zake. Palibe anaseka.

"Ndikunena nambalayo, bwana."

"Nambala yachokera m'makina. Ndipo Madamu awa asainira kuti ndi yoona."

A Wadzerakuti anatembenuka n'kuyang'ana Madamu Chaja. Iye anadikira funso lija. Silinabwere, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa funsolo.

Bwana uja anafotokoza mwaulemu wa mu ofesi. A Wadzerakuti anatsala ndi teremu imodzi kuti apume pa ntchito. Teremu imeneyo ayambiretu kupuma. Aziyang'anira chipinda cha mabuku, kalasi aisiyire Madamu. Bwanayo abweranso pakatha milungu itatu kudzasaina kusinthako, ndipo akasaina zatha.

"Zaka 38 ndaphunzitsa masamu," anatero a Wadzerakuti. "Miyezi itatu yotsalayi ndiwerenge akangaude?"

"Si chilango, aphunzitsi. Ndi manambala chabe."

A Wadzerakuti anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa choko, n'kuchiika patebulo la ahedi. Anapereka moni kwa onse, mmodzimmodzi, n'kutuluka.

Chipinda cha mabuku chinali kuseri kwa ofesi. Chinali ndi windo limodzi, mapu ong'ambika, madesiki othyoka miyendo, ndi mabuku amene makoswe anali atawerenga kale. A Wadzerakuti ankafika nthawi yake ngati kale, malaya osita. Anasanja mabuku onse motsata kutalika, kenako anawasanjanso motsata kukhuthala. Chimene chinaopsa anthu n'chakuti anasiya kufunsa. Tsiku lina pa tiyi a Kochi ananena mokweza kuti timu yawo ipambana ndi zigoli zisanu ndi ziwiri. Aphunzitsi onse anatembenukira kwa a Wadzerakuti, kudikira. Iwo anangotakasa tiyi wawo. A Kochi anachita manyazi ngati atukwana pamaso pa apongozi.

Madamu Chaja sanagwiritse ntchito matabuleti m'kalasi ya a Wadzerakuti ija sabata yoyamba. Ankaopa maso a ana. Sabata yachiwiri anawagawa, ndipo poti tsopano kalasi inali yake, sanathamangire kwina. Anati, "Yambani." Mitu 46 inawerama nthawi imodzi, osati pagalasi, koma m'makope.

Anaima kumbuyo kwa mtsikana wina wa kutsogolo amene anzake ankamutcha Manzere, poti ankalembera dzanja limenelo. Pagalasi panali funso: 3/4 kugawa ndi 1/8. Mtsikanayo analikopera. Anatenga rula n'kujambula bokosi lalitali, analidula magawo anayi, n'kudetsa atatu. Kenako gawo lililonse analidula pawiri, n'kuwerenga tizigawo todetsedwato ndi nsonga ya pensulo. Analemba mzere wina pansi pake, analemba 6, n'kujambula mizere iwiri kunsi kwa yankho. Ndiye anakweza chala kuti adine.

Funso lija panalibe. Pagalasi panaphethira kofiira, n'kubwera funso lina.

Manzere sanadabwe. Anajambula mzere ndi rula, n'kuyamba kukopera latsopanolo.

"Taima kaye," anatero Madamu Chaja. "Funso lija lapita kuti?"

"Limapita, madamu."

"Limapita bwanji?"

"Mayi a m'galasi sadikira. Ukamaliza njira umapeza achoka."

"Nthawi zonse?"

"Zophweka timawapeza. Zovuta ayi."

"Nanga bwanji simunanene?"

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati wamufunsa chifukwa chake madzi ali onyowa. "Tinene kwa ndani, madamu? Sala amaona kope, ndipo m'kope timakhoza. Inu mumaona laputopu."

Apa m'pamene Madamu Chaja anaona kamzere kopyapyala pamwamba pa galasi, kakufupika pang'onopang'ono ngati kandulo. Anawerenga ndi wotchi yake. Mphindi ziwiri.

Belu la buleki litalira anatsegula laputopu n'kulowa pa tsamba limene sanalitsegulenso chikhazikitsireni pulogalamuyo. Panalembedwa poyera. Nthawi ya funso lililonse: mphindi ziwiri. Funso losayankhidwa liwerengedwe ngati lolakwa: inde. Pansi pake, wovomereza: dzina lake. Anakumbukira tsikulo. Netiweki inkadukaduka, ahedi anaima kumbuyo kwake akupumira pakhosi pake, ndipo iye ankangodina "Pitirizani, Pitirizani," osawerenga kanthu.

Anatolera makope onse 46. Masiku atatu, akaweruka, ankatsala m'kalasi kufananitsa kope ndi laputopu. M'kope la Manzere munali mafunso 200, ndipo 181 anali oona. Laputopu inkati wakhoza 37. Anatsegulanso za kalasi ya a Kochi. Kumeneko funso limodzi linkatenga masekondi asanu ndi anayi. Mwana ankadina yankho loyamba, akamva "Yesanso" n'kudina lachiwiri, mpaka kobiriwira kayake. Pa mayankho anayi, ngakhale mbuzi ikanakhoza.

Analemba zonsezi papepala, mzere ndi mzere, n'kupita nazo kwa ahedi. Ahedi anawerenga, n'kutseka chitseko.

"Madamu, mwagwira ntchito yabwino. Koma mzere woyambawu. Lembani kuti makina anasokonekera."

"Sanasokonekere, ahedi. Anachita zimene ndinawauza."

"Makina alibe fayilo ku ofesi. Inu muli nayo, ndipo ikadali yopyapyala. Mukalemba kuti ndinu, sakutsimikizani. Mukundimva?"

Anamva. Anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama pakati pa zingwe. Linakhala mmenemo masiku awiri. Tsiku lachitatu, kutatsala tsiku limodzi kuti bwana uja abwere, anagogoda pa chipinda cha mabuku.

A Wadzerakuti ankapukuta fumbi ndi kansalu pa dikishonale yopanda chikuto. Anali ataonda m'khosi.

"Aphunzitsi, ana anu sanatsike."

"Ndikudziwa." Sanasiye kupukuta.

"Ndapeza chimene chinachitika."

Kansalu kanaima. Kenako magalasi anatsika mpaka pansonga ya mphuno, ndipo mawu anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa.

"Mwadzera kuti?"

Anawapatsa pepala lija. Iwo anakhala pa desiki yothyoka mwendo, anatulutsa cholembera chofiira, n'kuwerenga kuyambira pamwamba. Pa mzere wachinayi anakonza nambala imene Madamu anailemba molakwika. Pa wachisanu ndi chimodzi, wonena za kalasi ya a Kochi, anaseka kamodzi kudzera m'mphuno. Atafika pansi anabwerera pamwamba, n'kuika chala chachikulu pa mzere woyamba, pamene panalembedwa kuti, "Ine ndinavomereza mphindi ziwiri osawerenga."

"Uwu ufufuteni."

"Aphunzitsi?"

"Yambirani pa mzere wachiwiri. Yankho silisintha. Ine ndatsala ndi miyezi, inu muli ndi zaka makumi atatu kutsogoloku."

Madamu Chaja sanayembekezere zimenezi kuchokera pakamwa pamenepo. Kunena zoona, mtima wake unalumpha ndi chimwemwe, chifukwa ngati a Wadzerakuti enieniwo alola, angamutsutse ndani? Anagwira pepalalo. Ndiye anamva pakamwa pake pakufunsa.

"Mwana akakubweretserani samu yoyambira pa mzere wachiwiri, mumamupatsa zingati?"

A Wadzerakuti anayang'ana kuwindo.

"Aphunzitsi, zingati?"

"Ziro."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinu wamakani, mwana inu. Makani amenewa mwawatenga kuti?"

"Ndawerenga makope 46, aphunzitsi. Matendawa ndi opatsirana."

Anamubwezera pepalalo. "Koma njira ya ana anga ikuchedwadi," anatero, osamuyang'ana. "Miyezi itatu ndikuyenda pakati pawo, osaona kuti akusiyidwa. Ndinakana kuyang'ana pagalasi chifukwa cha kunyada, osati maso. Lembaninso zimenezo. Mzere wachiwiri."

Madamu Chaja analemba.

Bwana woyendera sukulu anafika m'mawa mwake, fomu yosinthira ntchito ili kale pamwamba pa fayilo. Anawerenga pepala la Madamu Chaja ali chiimire.

"Madamu, mukudziwa chimene mwadzilembera apa?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Awa ndi mawu. Ndikufuna ndione ndi maso."

Analowa m'kalasi atatu: bwanayo, Madamu Chaja ndi ahedi. A Wadzerakuti anauzidwa kuti asalowe, kuopa kuti angasokoneze ana. Anakaima panja pa windo ndi kansalu kawo ka fumbi, kupukuta galasi limene silinapukutidwepo chimangireni sukuluyo. Madamu Chaja anachotsa nthawi ija pamaso pa bwanayo, n'kuika mafunso makumi awiri, mwana aliyense aziyankha yekha, wina akamaliza apatse mnzake.

Bwana ankaganiza kuti ndi za mphindi makumi awiri. Mitu inawerama. Mapensulo anayamba. Tiyi amene anamubweretsera anazizira patebulo. Dalaivala wake analiza hutala kawiri. Iye anayang'ana wotchi yake yaikulu ija mpaka anatopa nayo, n'kuyamba kuyenda pakati pa madesiki. Pa desiki ya Manzere anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mabokosi odulidwa ndi rula.

"Wakhoza!" anatero Mayi a m'galasi pakona. Kenako pakona ina. Kenako paliponse, ngati achule mvula itagwa. "Yesanso" anamveka apo ndi apo, ndipo akamveka mwana sankadina lina, ankabwerera m'kope kukafuna pamene wapunthwa.

Zinatha patapita maola awiri ndi theka. Pa laputopu, ana 41 mwa 46 anali obiriwira, ndipo pafupifupi onsewo anakhoza podina kamodzi kokha.

Bwana anakanda kumutu. "Akukhozadi. Koma akuchedwa."

Kuchokera pawindo kunabwera mawu. "Akuthamangira kuti, bwana?"

Kalasi yonse inaphulika. Ngakhale ahedi anabisa nkhope m'kaundula.

Bwana uja sanapepese. Ofesi sipepesa. Anangotenga fomu ija n'kuibweza pansi pa fayilo osasaina, n'kupempha kuti aone kalasi ya a Kochi ikulemba papepala. Zimene anaona kumeneko si za nkhani ino. Madamu Chaja analandira kalata ya chenjezo, ndipo chaka chake choyesedwa chinawonjezeredwa miyezi isanu ndi umodzi. Sanafe nazo.

Lolemba a Wadzerakuti anabwerera m'kalasi. Sanalankhule za chilichonse chimene chinachitika. Anati, "Tinasiyira pati?" ndipo ana anawauza tsamba. Chosintha chinali chimodzi. Pa nthawi ya matabuleti ankawerama n'kuyang'ananso pagalasi, maso akutuluka misozi. Anapezamo tsamba lina limene bokosi limaduka lokha magawo mwana akalikhudza, ndipo anakhala nalo buleki yonse.

"Madamu," anatero, "mayiwa akudziwa kujambula. Kufunsa ndiye ayi, koma kujambula akudziwa."

Kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu kumene munthu kapena makina analandirapo kwa iwo.

Anaphunzitsa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi, Lachisanu, anaweruka bwinobwino, anafika kunyumba, n'kukhala pakhonde ndi mulu wa makope. Akazi awo anawaitana kawiri. Kachitatu anatuluka kukawaona. Namwino uja ananena zoona, ngakhale sanasonyeze njira.

Pa maliro panali anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo analandirapo ziro kwa malemuwo. Akalipentala, madalaivala, anamwino, ndi mkulu wina womanga milatho amene anayenda tsiku lonse kuti afike. Amene anasankhidwa kuti anene za moyo wawo anatchula dzina lawo lenileni, ndipo anthu anayang'anana, kufunsana kuti akunena ndani.

Sukulu ikuyenda. Sukulu siima chifukwa cha munthu mmodzi. Misonkhano ya aphunzitsi imene inkatenga maola atatu tsopano imatha tiyi asanazizire, ndipo anthu amatuluka osadziwa chimene agwirizana. Munthu anganene chilichonse. Wina amati ana a masiku ano ndi mbuli, wina amati mvula ya chaka chino ichedwa ndi milungu itatu ndendende, ndipo mawuwo amangodutsa m'chipindamo n'kutulukira pawindo popanda wowaimitsa. A Kochi, amene ankadandaula kuti sangatsegule pakamwa mwamtendere, masiku ano salankhula kwenikweni. Amati kunama kulibe kukoma ngati palibe wokugwira.

Kalasi ija anaitenga Madamu Chaja. Koma mu laputopu inkaonekabe pa dzina la a Wadzerakuti, ndipo Lolemba lililonse pankabwera uthenga wakuti mphunzitsi mmodzi sanalowe masiku angapo, akumbutsidwe. Ahedi anapirira mwezi umodzi.

"Madamu, chotsani dzinalo. Lipoti lipite ndi dzina la munthu wamoyo."

Anachita pa buleki, ali yekha. Anadina pa dzinalo, n'kudina "Chotsani." Makina anafunsa chifukwa, n'kupereka mayankho anayi. Wasamutsidwa. Wapuma pa ntchito. Wasinthidwa ntchito. Zina.

Anawerenga onse anayi. Anadina chomalizacho. Panatseguka kabokosi kolola zilembo makumi anayi zokha. Anaganiza pang'ono, n'kulemba kuti, "Anamwalira ali mphunzitsi wa masamu." Zinakwana. Anawerenga kawiri, anadina, ndipo dzinalo linachoka.

Belu linalira. Ananyamula bokosi la matabuleti n'kudutsa pabwalo. Ana 46 anali atakhala kale m'malo mwawo, ali chete, onse akuyang'ana kukhomo.

Analowa iyeyo.